Kompaila yanga ikuthawitsa ophunzira, ndiiphunzitse bwanji kulankhula?

Funso: Ndimaphunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo ndinadzipangira kachiyankhulo kakang'ono, ka mawu a Chichewa, koti aziyambirapo asanalowe ku C ndi Python. Vuto lili pa kompaila yake, pulogalamu yomwe imawerenga khodi ya ana n'kuisandutsa zomwe kompyuta imamva. Ikapeza cholakwika imangoti "syntax error" ndi nambala ya mzere, basi. Ana ena akaona zimenezi kawiri katatu amangoti phee, ena amafufuta zonse n'kuyambiranso. Ndikuganiza zoti uthenga uliwonse uziyamba ndi mawu oti "Osadandaula, aliyense amalakwitsa." Kodi zithandiza? Nanga uthenga wabwino umakhala wotani?

Yankho: Aphunzitsi, mawu oti "Osadandaula" aja musawaike. Mtima womwe mwawaganizira nawo ndi wabwino, ndipo ndikuumvetsa, koma taganizirani mlendo amene wasochera m'mudzi dzuwa lili pafupi kulowa. Wafunsa njira, wina n'kumuuza kuti, "Osadandaula, ambiri amasochera kuno," kenako n'kumapita. Mtima wa mlendoyo sukhala pansi. Umakhala pansi akamva kuti, "Munaphonya pa mjigo paja, bwererani, mukakhotere kumanja pa mtengo wa mango." Wachiwiriyu sananene mawu otonthoza ngakhale amodzi, koma mantha onse atha. Mwana amene ali pa kompyuta yanu akufuna zomwezo: auzidwe pomwe zinapotokera, chomwe kompaila imayembekezera kuona, ndi choti achite tsopano. Komanso kumbukirani kuti uthenga umenewu adzauona kambirimbiri tsiku limodzi. Pofika masana mawu otonthoza aja asanduka udzu wofunika kulambula kuti aone chenichenicho.

Tiyambe ndi malo, chifukwa ndi pomwe ana ambiri amagwera mphwayi. Kompaila imanena pomwe yazindikirira kuti zinthu sizili bwino, osati pomwe munthu analakwitsira, ndipo malo awiriwa kawirikawiri amatalikirana. Ndinaonapo mtsikana wina m'kalasi akulimbana ndi pulogalamu ya C. Uthenga umaloza mzere womaliza wa fayilo, pomwe panalibe chilichonse koma bulaketi yotseka. Anaifufuta, n'kuilembanso. Anaisendeza kumanja, n'kuibweza. Anawonjezera ina, mauthenga n'kuchuluka. Chala chake chinali pa sikirini, pa mzere womwe anauzidwawo, akuwerenga chapansipansi, pomwe bulaketi yosatsekedwa inali pamwamba kwambiri, pa `if` wina amene panthawiyo sankaonekanso pa sikirini. Iye anachita zonse bwino: anawerenga uthenga, anaukhulupirira, anapita komwe anatumidwa. Tsiku limenelo anaphunzira kuti uthenga wa kompaila sitiukhulupirira, ndipo phunziro loipa ngati limeneli limatenga nthawi yaitali kuti lichoke m'mutu.

Vuto lomweli linalinso mu Python kwa zaka zambiri. Ukaiwala kutseka bulaketi, imadandaula za mzere wotsatira, wosalakwa, ndi mawu oti "invalid syntax". Mu Python 3.10, yomwe inatuluka mu 2021, Pablo Galindo Salgado ndi anzake anakonza zimenezi, moti tsopano imaloza bulaketi yomwe inatsegulidwayo n'kunena kuti sinatsekedwe. Kachitidwe kake n'kosavuta, ndipo mutha kukachita sabata ino. Parser yanu, gawo la kompaila loona kasanjidwe ka khodi, ikakumana ndi bulaketi yotsegula, isunge mzere ndi malo ake. Ikafika posokonezeka, ionetse malo onse awiri. Mu chiyankhulo chanucho zingaoneke motere:

```
K012 moni.chi, mzere 7

 4 | ngati msinkhu > 18 {
   |                    - bulaketi iyi inatsegulidwa apa
 5 |     lemba "Takulandirani"
 6 |
 7 | ntchito tsanzika {
   | ^^^^^^^ ndafika apa ndisanapeze yotseka

Mwina pakusowa } pakati pa mzere 5 ndi mzere 7.
```

Taonani kuti khodi ya mwanayo ikuonekera mu uthenga momwemo, monga momwe anailembera, ndi kachizindikiro koloza pamalo penipeni. Clang, kompaila ya C ndi C++, inatchuka nazo zimenezi, ndipo GCC, kompaila inanso ya C, inatsatira mu GCC 4.8 mu 2013, kenako n'kuwonjezera zilembo za mitundu yowala mu 4.9. Kuti zitheke, chidutswa chilichonse cha khodi chiziyenda ndi adiresi yake: fayilo, poyambira ndi pothera, kuchokera pomwe lexer, gawo lodula khodi m'zidutswa, yachidula mpaka pomwe mitundu ya zinthu ikuyesedwa. Ngati mumataya adiresi imeneyi pakati panjira, kukonza kwanu koyamba kukhale kumeneko. Mawu okoma onse omwe mungalembe pambuyo pake amadalira maziko amenewa.

Malo awiri aja ndi ofunika kuposa momwe anthu amaganizira. Zolakwika zambiri ndi kusamvana kwa mbali ziwiri za pulogalamu, ndipo kompaila siingadziwe kuti yolondola ndi iti. Rust, chiyankhulo china cholembera mapulogalamu, imachita bwino kwambiri apa. Ukapereka `String`, ndiye kuti mawu, kwa variable ina (dzina losungira chinthu) kenako n'kuyesanso kugwiritsa ntchito yoyamba ija, uthenga wa E0382 umakuonetsa pomwe chinthucho chinapangidwira, pomwe chinasamukira, ndi pomwe wayesa kuchigwiranso, n'kukuuza kuti chifukwa chake n'choti `String` ilibe `Copy`, kutanthauza kuti siikopereka yokha. Ukamauwerenga umakhala ngati ukumva nkhani yokhala ndi chiyambi, pakati ndi mapeto. Maonekedwe amenewa analowa mu Rust 1.12 mu 2016, ndipo eni ake sanabise kuti anatengera kwa Elm, chiyankhulo cha Evan Czaplicki, yemwe mu 2015 anakhala pansi n'kulembanso mauthenga a kompaila yake ndi cholinga choti azimveka kwa anthu. Inunso mukapeza kuti mwana wapereka mawu pomwe pamafunika nambala, musamangoti mitundu sikugwirizana. Nenani chomwe mumayembekezera, chomwe mwapeza, ndiponso mzere womwe unakupangitsani kuyembekezera nambala. Nthawi zina cholakwika chili uko, osati kuno.

Chachiwiri ndi mawu omwe uthenga ukugwiritsa ntchito. Kompaila ili ndi chiyankhulo chake cha m'kati, mayina omwe inu wolemba munapatsa zidutswa zake, ndipo mayina amenewa amakonda kutayikira kunja. Chitsanzo chodziwika ndi cha chiyankhulo cha PHP, yomwe kwa zaka zambiri imatha kuuza munthu kuti yapeza `T_PAAMAYIM_NEKUDOTAYIM` pomwe simayembekezera. Mawuwa ndi a Chiheberi, otanthauza makoloni awiri, ndipo anthu ankathamangira pa intaneti kukafufuza kuti achita chiyani. Mu PHP 8.0, mu 2020, anasintha kuti izingoonetsa `::` yomwe munthu analembayo. Cha PHP chimaonekera patali, koma matenda omwewo ali paliponse. GCC ikamauza wophunzira wa sabata yoyamba kuti "lvalue required as left operand of assignment", ikunena zoona ndithu, koma mwanayo mwina anangolemba `=` pomwe amafuna `==`, ndipo mawu oti lvalue sanawamvepo chibadwire. Lamulo lomwe ndimatsata ndi ili: mawu alionse mu uthenga akhale omwe munthuyo analemba yekha, kapena omwe mwamuphunzitsa kale.

Ngati parser yanu munaipanga ndi Bison, pulogalamu yopangira ma parser, dziwani kuti "syntax error" imene mukuionayo ndi yomwe imatuluka usanaiuze china chilichonse. Mukalemba `%define parse.error verbose` iyamba kunena chomwe yapeza ndi zomwe imayembekezera. Ndi poyambira pabwino, koma ikhala ikutchulabe mayina a m'kati aja mpaka mutawapatsa mayina omveka. Makompaila ambiri akuluakulu, monga GCC, Clang ndi ya Rust, ali ndi parser yolembedwa pamanja, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'choti umatha kudziwa kuti uli pakati pa chiyani n'kunena kuti, "Ndimawerenga mndandanda wa zinthu, ndipo pambuyo pa chizindikiro cha koma (,) ndimayembekezera chinthu china." Kwa kachiyankhulo kakang'ono ngati kanuko, ine ndingalembe pamanja.

Tsopano za ana amene amangoti phee aja. Ndikukayikira kuti ena mwa iwo sakuona uthenga umodzi, koma sikirini yodzaza. Semikoloni imodzi ikasowa, kompaila imasokonezeka, n'kuyamba kuona zolakwika pomwe palibe. Wozolowera amadziwa kuti timawerenga uthenga woyamba, enawo n'kuwasiya. Woyamba kumene amawerenga womalizira, chifukwa ndi umene uli pafupi ndi maso ake, ndipo amaganiza kuti walakwitsa malo makumi awiri. Clang imadziletsa yokha ikafika pa mauthenga 20, koma kudula chabe si mankhwala. Mankhwala ake ndi awiri. Parser ikasokonezeka, ilumphe mpaka pamalo odalirika, monga poyambira ntchito yotsatira, isanayambenso kudandaula. Ndipo chinthu chomwe chadziwika kale kuti n'cholakwika chipatsidwe chizindikiro chapadera, kuti zonse zodalira icho zikhale chete. Rust ili ndi mtundu wa m'kati wongogwira ntchito imeneyi. Kwa ana a chaka choyamba ndingapitirire pamenepo: aonetseni uthenga umodzi wokha, woyambawo. Akonze, ayesenso. Kompaila ya kachiyankhulo kanu imatha ntchito m'kuphethira kwa diso, choncho palibe chomwe ataye.

Pa nkhani ya kamvekedwe ka mawu, apa ndi pomwe maganizo anu aja ali ndi malo ake, kungoti njira yake ndi yochotsa, osati yowonjezera. Kale mu 1982, Ben Shneiderman analemba kuti mauthenga a kompyuta asiye mawu okalipa monga "illegal" ndi "invalid". Mpaka lero tidakali ndi "fatal error" ndi "illegal start of expression". Wozolowera sawamvanso mawu amenewa, koma mwana amene Chingerezi anachiphunzira kusukulu amawamva ndi kulemera kwake konse: chinthu chophwanya malamulo, chinthu chakupha. Muwachotse. Ndipo uthenga uzinena za khodi kapena za kompailayo, osati za munthu. Elm imalankhula ngati munthu amene wasochera yekha, kunena kuti imawerenga chakuti n'kukakamira apa. Izi si kunyengerera ayi, ndi zoona zake: yalephera kupitirira ndi kompailayo. Michael Lee ndi Amy Ko a ku University of Washington anayesa zimenezi mu 2011 ndi masewera ophunzitsira khodi otchedwa Gidget. Ophunzira amene anakumana ndi kaloboti kovomereza kuti ndi iko komwe sikakumvetsa, n'kupempha thandizo, anamaliza magawo ambiri kuposa amene ankangolandira mauthenga ouma.

Mu Chichewa muli ndi mwayi waukulu pamenepa. "Walakwitsa pa mzere 7" ndi chidzudzulo. "Ndasokonezeka pa mzere 7, ndimayembekezera nambala" ndi mnzako amene mukufufuza limodzi. Pomwe mukulankhula kwa wophunzirayo, gwiritsani ntchito "inu": yesani, onani, kodi mumafuna. Ngakhale akhale wa zaka khumi ndi ziwiri, ulemu umenewu amaumva. Chenjezo limodzi lokha: musamange ziganizo pophatikiza zidutswa monga momwe makompaila a Chingerezi amachitira. Kumeneko amaika dzina la chinthu kutsogolo kwa mawu amodzi omwewo, n'kutha. Ifeyo timati bulaketi yasowa, dzina lasowa, chizindikiro chasowa, mzere wasowa. Cholakwika chimodzi chapezeka, zolakwika ziwiri zapezeka. Mukaphatikiza mwachisawawa mutulutsa Chichewa chothyokathyoka, ndipo mwana amene akuvutika kale ndi khodi ayambanso kuvutika ndi chiganizo. Chiganizo chilichonse chilembeni chathunthu.

Nambala ngati K012 ija isasowe. Ikhale yosasintha ngakhale mawu a uthenga atasintha, kuti mwana azitha kukufunsani kapena kufunsa mnzake kuti "K012 imatanthauza chiyani?" Rust imalola munthu kulemba `rustc --explain E0382` n'kulandira kufotokoza kwakutali, ndi chitsanzo cha khodi yolakwika komanso yokonzedwa. Ubwino wake n'woti uthenga weniweniwo umakhala waufupi, ndipo wofuna zambiri amadziwa kokazipeza. M'kufotokoza kwakutaliko mungaikemonso momwe cholakwika chomwecho chimatchulidwira mu C ndi Python, popeza ana anuwo akupita kumeneko ndipo tsiku lina adzayenera kuwerenga mauthenga a Chingerezi okha.

Ufupiwu ndiugogomeze, chifukwa pali msampha. Munthu akayamba kukonda nkhani ya mauthenga abwino amayamba kulemba ndime zathunthu. Paul Denny ndi anzake ku University of Auckland anayesa mu 2014 kupatsa ophunzira mauthenga ofotokoza zambiri, ndipo sanapeze kusiyana kooneka. Brett Becker ku Dublin, mu 2016, anapeza kuti mauthenga okonzedwa anachepetsa zolakwika. Ine kusiyana kumeneku ndimakumva motere: kutalika pakokha sikuthandiza. Nanga anthu amawerengadi? Titus Barik ndi anzake ku North Carolina State University anatsata maso a olemba mapulogalamu mu 2017, napeza kuti pakati pa 13 ndi 25 peresenti ya nthawi yokonza cholakwika imathera pa kuwerenga uthengawo, ndipo kuvuta kwake n'kofanana ndi kuwerenga khodi imene. Ndiye amawerenga, ndipo amatopa nako. Mzere woyamba unene vuto m'chiganizo chimodzi, khodi ionekere, langizo libwere pansi.

Za malangizo oti "kodi mumafuna chakuti?", ndi okoma kwambiri akalondola. Mwana walemba `msikhu`, kompaila n'kumufunsa ngati amafuna `msinkhu`. Vuto latha m'masekondi awiri. Njira yake ndi kuwerengera kuti ndi zilembo zingati zofunika kuwonjezera, kuchotsa kapena kusintha kuti dzina lina lisanduke linzake, muyeso womwe umadziwika ndi dzina la Vladimir Levenshtein, ndipo khodi yake siidzaza tsamba. Koma muike malire. Rust imalola kusiyana kwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa dzinalo; kupitirira apo siitchula dzinalo. Langizo lolakwika ndi loipa kuposa kusalangiza, chifukwa woyamba kumene amalitsata ndi mtima wonse, ndipo akagwa m'dzenje lachiwiri amadzida yekha. N'chifukwa chake mkati mwa kompaila ya Rust langizo lililonse limakhala ndi mlingo wake: lina n'lodalirika moti pulogalamu yake ya `cargo fix` itha kulichita yokha, lina limalembedwa kuti mwina silolondola. Mu uthenga wanu kusiyana kumeneku kuzimveka m'mawu. Pomwe muli otsimikiza, nenani kuti "ikani } apa". Pomwe mukungoganizira, mawu oti "mwina" ndi chilungamo.

Chilungamo chomwechi chikafike pa tsiku lomwe kompaila yanu idzagwa yokha, chifukwa idzagwa. Mwana asadzaone mulu wa mizere ya m'kati mwa khodi yanu n'kumaganiza kuti waononga kompyuta ya sukulu. GCC imati "internal compiler error" n'kupempha lipoti, ndipo ya Rust imanena poyera kuti vuto ndi lake. Yanu inene kuti, "Vuto ili ndi la kompaila, osati la pulogalamu yanu. Aonetseni aphunzitsi fayiloyi." Apa pokha ndi pomwe mawu otonthoza ali oyenera, popeza akupereka uthenga womwe mwanayo sakanaudziwa.

Mitundu ithandize maso kupeza malo, koma uthenga uzimvekabe ngakhale mitundu palibe, chifukwa ena sasiyanitsa bwino zofiira ndi zobiriwira, ndipo ena adzaukopera mu WhatsApp pokufunsani usiku.

Chotsala ndi momwe mungadziwire kuti muyambire pati, ndipo apa inu muli ndi chuma chomwe opanga makompaila ambiri alibe: ana ali nanu m'chipinda chimodzi. Muwauze, avomereze, kenako kompaila izisunga fayilo iliyonse yomwe yakana, popanda dzina la mwini wake. Pakatha milungu iwiri muziwerenge. Mudzapeza kuti zolakwika zochepa chabe ndi zomwe zikubwerezabwereza: bulaketi yosatseka, dzina lolembedwa mosiyana, `=` m'malo mwa `==`, mawu osatsekedwa ndi zizindikiro zake. Chilichonse mwa zimenezi chilandire uthenga wakewake, wolembedwa pamanja. Opanga Rust anafika mpaka pozindikira chizindikiro cha funso cha Chigiriki, chomwe chimafanana ndendende ndi semikoloni, n'kumuuza munthu kuti chomwe akuchionacho si semikoloni ayi. Ana anu akamakopera khodi kuchokera mu Word kapena pa foni adzabwera ndi zizindikiro zopindika za mawu ogwidwa m'malo mwa zowongoka, ndipo maso sangaone kusiyana kwake. Ndi uthenga wa mizere iwiri, koma udzapulumutsa maola ambiri.

Fayilo iliyonse yotere isanduke mayeso a kompaila. Mu Rust muli foda yotchedwa `tests/ui` momwe muli mafayilo masauzande a khodi yolakwika mwadala, iliyonse ili ndi uthenga womwe ikuyenera kutulutsa, chilembo ndi chilembo, moti wina akasintha kompaila n'kuononga uthenga, mayeso amalephera ngati kuti waononga china chilichonse. Elm inatsegula malo pa GitHub, webusayiti yosungirako khodi, oti anthu azitumizako mapulogalamu omwe anatulutsa mauthenga osokoneza. Inu foda imodzi ndi kasikiripiti kofananitsa zotuluka n'zokwanira. Ndipo mukalemba uthenga watsopano, muupereke kwa mwana mmodzi amene sanauonepo, mukhale pambali pake manja ali kumbuyo, osanena kanthu, muone komwe chala chake chikupita. Chikapita pa mzere 4, uthengawo wagwira ntchito. Chikakhala pa mzere 7, kapena akatembenuka kuyang'ana inu, mukaulembenso madzulo ano.